Mbewa ya m'labotale si ndiwo, tiyeni tiikire mlonda

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuseka mutangoona mutu wa nkhaniyi. Mukuti kodi mkuluyu zolemba zamuthera? Fetereza wakwera mtengo, m'zipatala mankhwala ndi a kagone kagone, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, ndiye iye wadzuka m'mawa n'kuyamba kulira maliro a mbewa? Kuno kwathutu mbewa ndi ndiwo. Timazikumba tokha, kuziwamba, n'kuzipanika pa kamtengo kuti apaulendo agule m'mbali mwa msewu wa M1. Ineyo ndadyapo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Koma abale anzanga, tandilolani ndikufotokozereni kankhani kamodzi, mukatero museke ngati kuseka kudzakhala kukadalipo.

Mu Ogasiti 1967, m'tauni ya Marburg ku Germany, anthu ogwira ntchito pa kampani yopanga katemera ya Behringwerke anayamba kudwala mmodzimmodzi. Poyamba kunali kutentha thupi ndi litsipa, kenaka kusanza ndi kutsekula m'mimba, ndipo ena anafika potuluka magazi. Pa nthawi yomweyo matenda omwewo anaoneka m'malabotale a ku Frankfurt ndi ku Belgrade. Madokotala atafufuza anapeza kuti malo atatu onsewa anali atalandira apusi kuchokera ku Uganda. Impso za apusiwo zinkafunika pa ntchito ya katemera wa poliyo. Amene anayamba kudwala ndi omwe ankatumbula nyamazo, kugwira magazi ndi ziwalo zake, ndi kutsuka ziwiya. Kuchoka apo matenda analumphira kwa ena mwa amene ankasamalira odwala. Anthu 31 anadwala, ndipo 7 anamwalira.

Kachilombo kameneka dziko linali lisanakadziwe, ndiye anangokatcha dzina la tauniyo. Ndi Marburg yemweyu amene anapha anthu opitirira 200 ku Angola mu 2004 ndi 2005, amene anabuka kwa anansi athu a ku Tanzania mu 2023 ndi 2025, komanso ku Rwanda mu 2024. Taonani bwino apa: kachilombo ka ku Africa kuno kanadziwikira ku Ulaya, ndipo kanapita kumeneko pa ndege, m'khola la nyama zopangira kafukufuku. Palibe amene anali ndi cholinga choipa. Anthuwo ankapanga katemera wopulumutsa ana. Chimene chinasowa ndi dongosolo lolimba la kasungidwe ka nyama zongofika kumene, ndi chitetezo cha anthu ozigwira.

Tsono pasakhale wondimva molakwa. Ine sindili m'gulu la amene amati kafukufuku wa pa nyama athetsedwe lero lomwe. Aliyense wodwala shuga amene amadzibaya insulin adziwe kuti mankhwalawo anayesedwa pa agalu ku Toronto mu 1921, m'manja mwa Frederick Banting ndi Charles Best. Tikumbukirenso za thalidomide, mankhwala amene amayi oyembekezera ankamwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Sanayesedwe mokwanira pa nyama zabere asanayambe kugulitsidwa, ndipo pomwe ankawachotsa pamsika mu 1961 ana oposa 10,000 anali atabadwa opunduka manja ndi miyendo. Dziko lathu lino ndilo linali loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu Epulo 2019, ndipo katemera aliyense wotere amadutsa kaye pa nyama asanafike pa mkono wa mwana. Wokana zimenezi akukana nsima ili m'kamwa.

Nkhani yanga ndi yakuti ntchito yofunika chomwechi siyenera kuyenda mwa chipatepate. Pali mafunso awiri amene dziko lililonse lochita kafukufuku wa pa nyama liyenera kuyankha. Loyamba: kodi tikuwateteza bwanji anthu ndi ziweto zawo ku tizilombo tomwe tili m'nyama za m'labotale? Lachiwiri: kodi nyamazo tikuziteteza bwanji ku nkhanza ndi mphwayi za anthu? Ambiri amaganiza kuti funso loyamba lokha ndilo lathu, lachiwirilo ndi la azungu okhuta. Ine ndikuti mafunso awiriwa ndi mpanda umodzi. Malo amene nyama zimathinana m'khola lauve, osawerengedwa, osaonedwa ndi dokotala wa ziweto, ndi malo omwewonso amene nyama imathawa osadziwika, imafa n'kutayidwa kudzala, imaluma wantchito nkhani n'kuthera pomwepo. Komanso zotsatira za kafukufuku wochitidwa pa nyama yanjala ndi yodwaladwala sizidalirika. Ndalama zatayika, nyama yavutika, chomwe taphunzira palibe.

Anzathu amene ali ndi malamulo okhwima sanabadwe nawo. Ambiri anawapanga misozi ili m'maso. Ku America, mu 1965 galu wina wa pakhomo dzina lake Pepper anasowa pa famu ina ku Pennsylvania. Eni ake atalondola anapeza kuti anagulitsidwa kwa ochita malonda a nyama, ndipo anali atafa kale pa kafukufuku pa chipatala china ku New York. Anthu anakwiya, nyuzipepala zinalemba, ndipo mu 1966 pulezidenti Lyndon Johnson anasainira lamulo limene lero limatchedwa Animal Welfare Act. Mu 1985 analikhwimitsa, n'kulamula kuti malo aliwonse ochita kafukufuku pa nyama akhale ndi komiti yoyang'anira, ndipo m'komitimo mukhale dokotala wa ziweto ndi munthu mmodzi wapadera amene sadyera pamalopo. Komabe lamulo lawoli lili ndi chiboo chachikulu: mbewa, makoswe ndi mbalame zoweteredwa kafukufuku siziwerengedwa m'lamulomo, chonsecho mbewa ndi makoswe ndizo zimagwiritsidwa ntchito kwambiri. Ndiye tikamatengera za anzathu tizisankha, si zonse zochokera kunja zili zakupsa.

Dziko la Britain linayamba kalekale, mu 1876, ndipo lamulo limene likugwira ntchito kumeneko linakhazikitsidwa mu 1986. Pamafunika ziphaso zitatu munthu asanakhudze nyama: cha malowo, cha ntchito imene akufuna kuchita, ndi cha iye mwini wogwira nyamayo. Boma lili ndi anthu oyendera malo amenewa, ndipo chaka ndi chaka limatulutsa chiwerengero cha ntchito zonse zochitidwa pa nyama kuti aliyense aone. Mu 2023 chiwerengerocho chinali pafupifupi 2.7 miliyoni. Munthu atha kukondwa nacho kapena kunyansidwa nacho, koma sanganene kuti amubisira.

Maziko a malamulo ambiri a masiku ano ndi mfundo zitatu zimene akatswiri awiri, William Russell ndi Rex Burch, anafotokoza mu 1959. Yoyamba, ngati pali njira ina yopezera yankho popanda nyama yamoyo, tsata njira imeneyo. Yachiwiri, ngati nyama ikufunikadi, gwiritsa ntchito zochepa zokwanira kupereka yankho lodalirika. Yachitatu, chepetsa ululu: ipatse mankhwala ogonetsa ndi opha ululu, khola labwino, chakudya ndi madzi, ndipo ikafika povutika kopitirira muyeso ithandize kufa msanga. Kodi pamenepa pali chachilendo kwa Mmalawi? Ngolo ikalemera mlimi wanzeru samenya ng'ombe mpaka kugwa. Ngakhale popha mbuzi pa chikondwerero timanola kaye mpeni. Mfundo yoyamba ija ikupita patsogolo ndithu, moti mu Disembala 2022 dziko la America linachotsa m'malamulo ake mawu okakamiza kuti mankhwala atsopano aliwonse ayesedwe pa nyama, n'kutsegula khomo la njira zina.

Kumbali yoteteza anthu, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa buku lake loyamba la malangizo a chitetezo cha m'labotale mu 1983, ndipo lachinayi linatuluka mu 2020. Malabotale amaikidwa m'magawo anayi potengera ukali wa tizilombo tomwe amasunga. Gawo lachinayi ndi la tizilombo ngati Marburg ndi Ebola, komwe wantchito amavala chovala chophimba thupi lonse ndi kupuma mpweya wobwera pa paipi. Labotale yotere ilipo ku Johannesburg. Koma zimene zandiphunzitsa kwambiri ine si nyumba zodula ngati zimenezo. Ndi momwe ngozi zimachitikira ngakhale kumene malamulo alipo.

Mu 1997, mtsikana wa zaka 22 wogwira ntchito pa malo osungira anyani a Yerkes ku Atlanta, madzi ochokera m'khola la nyani anamuthovokera m'diso pamene ankasamutsa nyamayo. Sanavale magalasi oteteza maso chifukwa pa nthawiyo ntchito imeneyo sinkaonedwa ngati yoopsa. Patatha masabata 6 anamwalira ndi kachilombo kotchedwa herpes B, kamene kwa anyani a mtunduwo sikachita kanthu kwenikweni koma kwa munthu kamapha.

Mu Ogasiti 2007 ng'ombe pa mafamu a ku Surrey ku England zinagwidwa ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, omwe anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje amawadziwa bwino. Atafufuza anapeza kuti kachilomboko kanachokera ku Pirbright, malo omwe kunali labotale ya boma ya matenda a ziweto pamodzi ndi kampani yopanga katemera. Mapaipi a madzi oipa anali akale ndi owonongeka ndi mizu ya mitengo, kunagwa chimvula, ndipo zikuoneka kuti malole ogwira ntchito ya zomangamanga anatuluka ndi matope okhala ndi kachilomboko. Mafamu 8 anakhudzidwa, ziweto zinaphedwa, malonda a nyama kunja anaima. Nkhani ya mapaipiwo inali yodziwika kale, koma panali kukankhirana za yemwe alipire. Chinanso chimene chinaululika n'chakuti unduna umene unkayang'anira chitetezo cha malowo ndi womwewo umene unkapereka ndalama ku labotaleyo ndi kudalira ntchito yake. Pambuyo pake ntchito yoyenderayo anaipereka ku bungwe lina lapadera.

Mu 2019, ku Lanzhou m'dziko la China, fakitale yopanga katemera wa ziweto inagwiritsa ntchito mankhwala ophera tizilombo amene anali atatha mphamvu. Mpweya wotuluka m'fakitalemo unanyamula tizilombo ta brucellosis, matenda amene amachotsetsa bere ng'ombe ndi mbuzi ndipo kwa munthu amabweretsa malungo osatherapo ndi kuphwanya kwa m'mfundo. Anthu oposa 10,000 anapezeka nato atayezedwa. Ndipo mu Novembala 2024 anyani 43 anathawa pa malo owetera nyama za kafukufuku ku Yemassee, South Carolina, chifukwa choti zitseko sizinatsekedwe bwino.

Magalasi, paipi, botolo la mankhwala otha ntchito, loko wa pachitseko. Palibe chimene chikufuna digiri kuti munthu achimvetse. Ndipo m'nkhani zonsezi oyamba kupwetekeka si mapulofesa. Ndi wosesa m'khola, wodyetsa nyama, mlimi woyandikana ndi mpanda, mayi wogulitsa tomato kumene mphepo ikulowera.

Wina afunsa kuti nanga zikutikhudza bwanji ife, poti kuno kulibe nyumba za anyani zikwizikwi? Zikutikhudza ndithu. Ku Lilongwe kuli likulu loona za nkhupakupa ndi matenda ake, limene mu 2014 linakhazikitsa ntchito yopanga katemera wa East Coast fever, nthenda ya ng'ombe yofala ndi nkhupakupa yomwe imasautsa alimi m'mayiko ambiri a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa. Katemera wamtundu umenewu amapangidwa pobaya ng'ombe tizilombo tamoyo, kudyetserapo nkhupakupa, kenaka kuzidyetsanso pa akalulu zisanaperedwe. Ndi ntchito yonyaditsa, yopulumutsa chuma cha alimi ngakhale a kunja kwa malire athu. Ku labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe komweko amapanga katemera wa chitopa wa I-2, amene wapulumutsa nkhuku za amayi ambiri kumudzi. Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR tsopano imaphunzitsa madokotala a ziweto konkuno. Ophunzira ndi aphunzitsi m'mayunivesite athu amafuna kuyesa mphamvu ya zitsamba zathu, ndipo njira yodziwika ndi kuyesera pa mbewa ndi makoswe. Zonsezi ndi zabwino, ndipo zichulukirachulukira. N'chifukwa chake nthawi yokamba za mpanda ndi ino, khola likadali laling'ono.

Inetu maphunziro a kuyunivesite ndinawasiyira panjira, ndiye sindingadzitche wasayansi. Koma pa kanthawi komwe ndinakhalako ndinaona kanthu kamene sindikaiwala. Tsiku lina titamaliza phunziro lotumbula makoswe, ife ophunzira tinavula magolovesi n'kuthamangira ku chakudya. Nditabwerera kukatenga kope lomwe ndinaiwala, ndinapeza bambo wina wachikulire, amene tonse tinkangowatcha kuti madala, akutola makoswe otumbulawo ndi manja osavala kanthu n'kumaponya m'ndowa. Ndinawafunsa kuti, "Madala, mukukataya kuti zimenezi?" Anandilozera kudzala la kuseri, kumene agalu ndi akhwangwala ankachezera tsiku ndi tsiku. Makoswe amenewo sanabayidwe matenda aliwonse, ndiye palibe choipa chinachitika. Koma chizolowezi sichisankha tsiku. Dzanja lozolowera kutola khoswe wabwinobwino lidzatolanso chimodzimodzi wodwala. Ndipo m'dziko limene ng'ombe ikafa yokha ena amaona ngati mwayi wa ndiwo, funso la komwe mtembo wa nyama ya kafukufuku umathera si laling'ono.

Malamulo ena tili nawo. Mu 2002, chaka cha njala ndi mkangano wa chimanga chosinthidwa chibadwa, Nyumba ya Malamulo inavomereza Biosafety Act, koma mtima wa lamulo limenelo uli pa zamoyo zosinthidwa chibadwa. Lamulo la sayansi la 2003 ndilo linabala bungwe la National Commission for Science and Technology. Pa kafukufuku wokhudza anthu tili ndi makomiti odziwika bwino, ndipo palibe wofufuza wozindikira amene angatenge magazi a munthu osadutsa kumeneko. Chimene ndikupempha n'chakuti kafukufuku wa pa nyama afike pa mlingo womwewo, wodziwika kwa aliyense, wokhala ndi mano.

Pali chifukwa china chofulumirira. Malamulo akakhwima kwina, ntchito imafuna kosavuta. Mu 2013 kunamveka phokoso ku Britain zitadziwika kuti ofufuza a ku Newcastle University ankachita kafukufuku ku Kenya pa anyani ogwidwa kutchire, zimene kwawoko sizikanatheka mophweka. Dziko losauka, la ludzu la ndalama zakunja, limachedwa kufunsa mafunso mlendo akabwera ndi chikwama. Safunsa anadya phula. Mlendo wofuna kuthandizana nafe pa sayansi ndi wolandiridwa, koma zimene sangachite kwawo asadzachitire kwathu.

Tisaiwalenso kuti chinsinsi chimabala mphekesera, ndipo mphekesera kuno kwathu zimapha. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inatenga miyoyo ya anthu osalakwa m'maboma a kumwera, kuyambira cha ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ndi zachitukuko ankaopa kulowa m'midzi. Tsiku limene nyama idzathawe m'labotale, kapena ng'ombe zoyandikana ndi malo a kafukufuku zidzayambe kufa, anthu amene sanauzidwepo kanthu adzadzipangira okha nkhani yawo. Ofufuza athu akufunika chitetezo cha kudalirika, ndipo kudalirika sikubwera ndi mpanda wa njerwa ndi mlonda wa chibonga. Kumabwera anthu akamadziwa zimene zikuchitika m'katimo.

Tsono pempho langa kwa aphungu athu, unduna woona za ziweto, unduna wa zaumoyo ndi akuluakulu a mayunivesite ndi ili. Choyamba, pasakhale kafukufuku wa pa nyama yamoyo amene angayambe popanda chilolezo cholembedwa cha komiti, ndipo m'komitimo mukhale dokotala wa ziweto ndi munthu wamba wosalandira malipiro pamalopo, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi m'busa kapena shehe, kaya ndi mlimi. Chachiwiri, woyendera malowa asakhale yemweyo amene amawapatsa ndalama kapena kugula katemera wawo. Fisi sapatsidwa ntchito yowerenga mbuzi, ndipo phunziro la ku Pirbright talimva. Chachitatu, malo aliwonse azisunga kaundula wa nyama: zabwera zingati, kuchokera kuti, zachitidwa chiyani, zafa zingati, zatayidwa motani. Mitembo iziwotchedwa kapena kukwiriridwa mozama motsata dongosolo, munthu wina n'kusainira. Chiwerengerocho chizitulutsidwa poyera chaka chilichonse, m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zathu.

Chachinayi, chimene chili pamtima panga, ndi cha anthu ngati madala aja. Wantchito wa m'khola aphunzitsidwe m'chilankhulo chimene amamva, apatsidwe magolovesi, majombo, zoteteza maso ndi katemera woyenera monga wa chiwewe. Akalumidwa kapena kudzibaya ndi jakisoni adziwe kwa yemwe akanene, ndipo akanena asaopsezedwe kuti ntchito yatha. Ngozi yobisidwa chifukwa cha mantha ndiyo imakula. Lamulo limuteteze wantchito amene waulula zolakwika, ngakhale wolakwayo akhale bwana wa madigiri atatu.

Ndikudziwa yankho lomwe ndilandire: ndalama kulibe. Koma taonani mndandandawu. Kope la kaundula, bokosi la magolovesi, loko, dzenje lakuya lotchingidwa, ndi anthu asanu okumana kamodzi pamwezi. Zonsezi sizingafike pa mtengo wa galimoto imodzi mwa zimene timaziona zikutsogozana ndi masaireni. Yerekezani ndi mtengo wotseka misika ya ng'ombe m'chigawo chonse, kapena wa mliri umene chipatala cha boma sichingaukwanitse. Madzi akatayika saoleka.

Anthu a ku Marburg ndi ku Frankfurt anaphunzira ataika maliro 7. Alimi a ku Surrey anaphunzira ng'ombe zawo zikuphedwa ali chiimire. Ife tapatsidwa mwayi wophunzira osalipira kanthu, chifukwa anzathu analipira kale. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mbewa ya kumunda tipitirize kudyera nsima, palibe woletsa. Koma ya m'labotale ikhale ndi mwini wake wodziwika, ilembedwe m'kaundula, isamalidwe ikadali moyo, ndipo ikafa tidziwe kumene yapita.